Tofu wa M'thumba mwa a Tu

Ndinali chigonere chafufumimba kuseri kwa katani ya Dokotala Meng, singano khumi ndi zinayi zitaima njo kumsana kwanga, pamene ndinamva nsapato za amuna anga zikulowa pakhomo. Amuna angawo, a Tu, ntchito yawo ndi yotseka msewu pamene pamadutsa njanji, ndipo tsiku lina anaimitsa magalimoto maola anayi podikira sitima imene inali italephereka, chifukwa pepala linati idutsa.

Ndiulule, poti manyazi anandithera tsiku lomwelo. Kwa miyezi inayi ndinkatuluka chikazi chochuluka, chiuno chikuwawa, miyendo ikulemera ngati ndamangirira matumba a mpunga. Ukwati wa mwana wathu Dongmei unali utatsala masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindikakhala pampando wa nsalu yofiira n'kumalandira tiyi wa mkamwini, monga mwa mwambo wa ukwati, ndili choncho. Tsoka lake, khomo la a Meng limayang'anana ndi nyumba ya tiyi ya mayi Hu, azakhali ake a mkamwiniyo, mzimayi woti mukayetsemula kutsidya kwa mtsinje amadziwa. Ndiye Lamlungu ndinatuma amuna anga. Masiku anayi anadutsa ali zii, ine n'kuganiza kuti achita manyazi. Lachinayi ndinawanamiza kuti ndapita kwa mng'ono wanga, ndinadzikulunga mpango, n'kulowera khomo lakuseri kumene amayanika makungwa a mankhwala. Ndinangoti ndine mayi Lan, dzina lakwathu. A Meng atandigwira mkono n'kufunsa chandibweretsa, mtima unandithawa, pakamwa panatuluka liwu limodzi lokha: "Msana." Ndiye anandibaya singano zija, mmene amachizira msana. Kataniyo sinkafika kukhoma, moti ndinkawaona onse awiri ndi diso limodzi.

"Khalani," anatero a Meng osadzutsa mutu. "Chavuta n'chiyani?"

"Kwa ine palibe."

"Nanga mwadzatani? Tiyi ali kutsidya kwa msewu."

"Ndabwera ndi matenda a akazi anga."

"Akazi anuwo ali kuti?"

"Kwa mng'ono wawo."

"Ndiye matenda mwabwera nawo, wodwala mwamusiya?"

"Eya. Ndi mmene anandituma."

"Dzina lawo?"

"Anandiletsa."

"Zaka?"

"Zimenezo sanandiletse. Makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Kwa anthu amati makumi anayi ndi ziwiri."

Ndinaluma pilo. A Meng anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi mphepete mwa malaya.

"Tamverani, bambo. M'nyumba muno agogo anga ankapima, bambo anga ankapima, ine ndapima zaka makumi anayi. Timaona lilime, timamva mawu ndi fungo, timafunsa, timagwira mtsempha. Mkono umene sindinaugwire sindiulembera mankhwala."

A Tu anapinda malaya, n'kugoneka mkono pa kapilo kopimira.

"Nawu."

"Umenewo ndi wanu."

"Takhala tikudya mbale imodzi zaka makumi awiri ndi zinayi. Cholowa mwa iwo chimalowa mwa ine."

"Chotsani."

"Mukufuna wamanzere?"

"Chotsani mkono pa kapilo kanga!"

Anachotsa, osakwiya. A Tu sakwiya, ndipo n'chimene chimapsetsa mtima anthu onse okangana nawo.

"Palibe kanthu," anatero. "Ndinadziwa kuti mudzafuna mtsempha wawo. Ndabwera nawo."

"Mwabwera nawo bwanji?"

"Ndinawagwira Lolemba m'mawa asanadzuke. Ndinauloweza."

Anatsinzina, n'kuyamba kugogoda tebulo ndi chala. Go. Go. Go. Gogogo. Go. A Meng, amene anali atatembenukira kumadirowa a mankhwala, anaima pomwepo.

"Bwerezani apo."

"Go. Gogogo. Go."

"Aa! Ukudumpha! Mtsempha wodumpha chonchi ndi wa mtima, bambo. Bwanji simunayambe ndi zimenezi?"

"Ayi, apo ndi pamene inadutsa sitima ya ku Chengdu. Bedi linagwedezeka."

"Ndiye mwalowezera limodzi ndi sitima?"

"Inali m'kati mwake. Sindikanaichotsa."

"Kalanga ine! Chabwino. Unali woyandama kapena womira? Woterera ngati mkanda m'mbale kapena wokungika ngati chingwe?"

A Tu anaganiza kwa nthawi.

"Unali pamkono."

"Tulukani."

"Sindinamalize. Pali lilime."

Anapisa m'thumba la pachifuwa, n'kutulutsa pepala lopinda kanayi, analiyala patebulo n'kulisalaza ndi chikhatho. Ndinakumbukira kuti Lachiwiri madzulo ndikuyasamula, munthuyu anandiyang'anitsitsa m'kamwa ngati akugula bulu.

"Sindipima pepala," anatero a Meng, akuvala magalasi. "Iii! Lofiira ngati tsabola! Umenewu ndi moto wolusa!"

"Imeneyo ndi pensulo ya kuntchito, yolembera sitima zochedwa. Ina ndinalibe."

"Nanga kutalika chonchi? Munakwatira ng'ombe?"

"Pepala linali lalikulu. Sindinafune kuti malo atsale."

"Nanga timizere ta m'mbalitu?"

"Timeneto ndi toona. Mano adindamo."

"Hmm. Mano adindamo." A Meng anakanda ndevu. "Kapamba wafooka, chinyontho chadzadza m'thupi." Kenako anadzidzimuka n'kukankha pepalalo. "Sindikupima! Mwandimva? Sindikupima! Komanso mpaka pano simunandiuze kuti chikuwavuta n'chiyani."

"Chikazi," anatero a Tu, ndi mawu amene amaimitsira malole.

"Tsitsani mawu! Kuseriko kuli wodwala."

"Anandiletsa dzina lawo. Dzina la matenda sanandiletse."

"Chikazi chotani? Chili mitundu isanu: choyera, chachikasu, chofiira, chobiriwira, chakuda. Choyera ndi kuzizidwa ndi chinyontho, timatenthetsa n'kuumitsa. Chachikasu ndi moto, timaziziritsa. Mukasemphanitsa ndiye kuti mwathira madzi pa munthu wovumbwa kale. Chawocho n'chotani?"

"Sananene."

"Inu osafunsa?"

"Ndinafunsa. Anandiponyera silipasi. Kenako anapita kukhitchini, anadula kanthu, anakulunga m'pepala, anati, 'Mukawaonetse adokotala, n'chonga ichi.'"

A Tu anapisa m'thumba lam'mbali la jekete ya kuntchito, n'kutulutsa kaphukusi konyowa. Fungo linafika kuseri kwa katani pepala lisanamasulidwe n'komwe.

"Mayo ine!" A Meng anadumphira kumbuyo atagwira mphuno. "N'chiyani chimenechi?"

"Tofu. Chakudya cha soya chija."

"Wa liti?"

"Wa Lamlungu."

"Lero ndi Lachinayi! Kukutentha chonchi!"

"Tsiku langa lopuma ndi Lachinayi. Anati ndisamutulutse m'thumba mpaka nditafika kwa inu."

"Ndiye mwakhala mukugwira naye ntchito?"

"Anzanga anasamutsa mipando yawo. Ine ndinazolowera tsiku lachitatu."

A Meng anatenga timitengo todyera, n'kufunyulula pepala ali chataliko. Chimene chinali m'katimo chinali chachikasu pakati, chobiriwira m'mbali, pamwamba chitamera ubweya.

"Pa Lamlungu anali wa mtundu wanji?"

"Sindinasuzumire. Anati ndi woonetsa inu."

"Tofu yense amakhala woyera, bambo inu!"

"Uyu si woyera."

"Chifukwa waola!"

"Zimenezo mukunena ndinu. Ine sindichitira umboni zimene sindinaone. Kwathu kumapezeka tofu woyera, komanso wokazinga, amene ndi wachikasu. Wofukiza nayenso timagula, ndi woderako. Wonunkha amatigawira a khomo loyandikana."

"Asa! Lamlungu munadya uti?"

"Tinadya nsomba."

Abale, ndinafuna kudzuka n'kukawamenya onse awiri ndi sikelo yoyezera mankhwala. Koma munthu wa singano khumi ndi zinayi kumsana sadzuka, amangotukwana chamumtima. A Meng anazungulira tebulo, akumuyang'ana tofu uja mbali zonse.

"Ngati anadula wokazinga, ndiye kuti ankanena chikasu," anang'ung'udza. "Ngati anadula wonunkha, ankanena fungo. Ayi, ayi. Abwere okha."

"Sangabwere. Mayi Hu."

"Mayi Hu atani?"

"Amakhala pakhomo pawo ndi ketulo kuyambira m'mawa. Ndi azakhali a mkamwini wathu. Akazi anga anati bola kufa."

"Ndiye ndilibe chochita."

"Pitani inuyo kwathu. Ndi mtunda wa masitepe mazana asanu ndi limodzi kudza khumi ndi awiri."

"Dokotala sagogoda pakhomo la munthu. Ndi mwambo wa ntchito yathu."

"Chitseko ndikachotsa. Mahinji ndi awiri okha."

"Sindikunena za chitseko!"

"Ndiye mukalowera pawindo? Pa msinkhu wanuwu?"

"Bambo Tu, m'mutu mwanumo muli njanji. Mulibe pokhota."

"Zikomo."

A Meng anakhala pansi n'kudzikupiza ndi pepala la lilime lija. Munthu wa ntchito yake satha kudziletsa, moti posakhalitsa mafunso anayamba kutuluka okha, iwo akuyang'ana kudenga ngati akufunsa nyali.

"Mapazi awo, otentha kapena ozizira?"

"Ozizira. Amawabisa pa akatumba anga. Lamanzere limazizira kuposa lamanja."

"Kudya?"

"Theka la mbale. Zotsalazo amandiikira ine akuganiza kuti sindikuona."

"Kutopa?"

"Makwerero akwathu ndi khumi ndi asanu ndi atatu. Kale ankakwera akuyankhula. Tsopano amapuma pa lachisanu ndi chinayi, n'kumanamizira kumanga nsapato. Nsapatozo zilibe zingwe."

"Chinanso?"

"Zovala zam'kati amachapa anthu asanadzuke, amayanika kuseri kwa mbaula kuti zisaoneke pachingwe. M'basi amaima, mipando ili yopanda anthu. Kwa anzawo anasiya kupita chifukwa mipando ya kumeneko ili ndi nsalu zoyera. Diresi yovala ku ukwati anaisoka okha, yakhala ikulendewera kuseri kwa chitseko, koma akuti sapita. Mwana wathu ndi mmodzi yekha, adokotala. Ndinawerenga. Lero ndi tsiku la zana limodzi ndi khumi kudza asanu ndi atatu chisekereni akazi anga."

Ine ndinkaganiza kuti munthuyu amangoona sitima. Ndinakwiya kuti wandivula pamaso pa mlendo, ndinachita manyazi, komanso ndinamukonda kwambiri nthawi imeneyo, moti misozi inatsika n'kulowa m'khutu, ine osatha kuipukuta. A Meng anamina mwamphamvu m'kansalu kawo.

"Fumbi la makungwa," anatero. "Tamverani. Mkono umene sindinaugwire sindiulembera. Zimenezo sizisintha ngakhale mulire magazi."

"Sindikulira."

"Koma tofu uyu ndamuona."

"Eya."

"Ndamununkhiza."

"Msewu wonse wamununkhiza."

A Meng anapinda malaya, anatambasula zala zitatu, n'kuzigoneka pa tofu uja. Anatsinzina ngati mmene amachitira ndi anthu.

"Ndamugwira. Ndikufunsa. Wodwala, mukumva bwanji?" Anatchera khutu. "Sakuyankha. Ambiri satha kuyankha. Mwambo wakwanira. Ndilembera tofu."

"Dzina mulemba ndani?"

"Tofu. Wa kwa a Tu. Zaka: masiku anayi."

"Anayi ndi maola atatu. Anadulidwa m'mawa."

"Chikasu chopita kobiriwira, fungo loopsa. Moto wa m'chiwindi wasakanikirana ndi chinyontho, zatsikira kumunsi. Tizimitsa ndi mizu yowawa kwambiri imene ndili nayo. Katatu patsiku, masiku asanu ndi anayi."

"Nanga mapazi ozizira aja?"

"Mapazi sindinawaone. Tofu ndamuona."

"Nanga mano odinda palilime?"

"Ndinakuuzani kuti sindipima pepala."

"Chabwino. Katatu patsiku. Nthawi zake?"

"Akatha kudya."

"Akakana?"

"Asakane. Mankhwala owawa ndiwo amachiza."

"Sakana. Ndiziima pomwepo ndi wotchi."

Ndipo akanaimadi. Mizu imeneyo ndinkaidziwa. Mng'ono wanga anamwapo chaka china, ndipo sabata yathunthu ankayenda njira imodzi yokha, ya kuchimbudzi. Ine wozizidwa kale, akanandimaliza. Tsiku la ukwati mkamwini akanagwada ndi tiyi wake pamaso pa mpando wopanda munthu. A Meng anali atayamba kale kutsegula madirowa, akuyankhula mokondwa ngati munthu amene wapambana mlandu.

"Mukawauze akazi anuwo kuti manyazi ndi amene awavutitsa. Akanabwera, zala zitatu izi zikanadziwa iwo asanatsegule pakamwa. Palibe mzimayi amene anandibisirapo matenda. Mayi ali kuseriwo ndangowagwira pang'ono, basi ndadziwa kuti ndi msana."

"Mwawapima bwino?"

"Ine? Zaka makumi anayi!"

Apa ndinalephera kupirira. Liwu limene ndinalisunga miyezi inayi, limene ndinalephera kulinong'oneza amuna anga pabedi, linatuluka lonse kamodzi.

"Choyeraaa! Chikazicho n'choyera! Tofu anali woyera!"

Kutsidya kwa msewu osewera majongi, njuga ya timatabwa, anasiya kugogoda matebulo. Ngakhale wogulitsa mavwende, amene amakuwa tsiku lonse, anakhala chete.

"Mayi," anatero a Meng molemekeza, akuyang'ana katani, "musalowerere matenda a eni. Inu muli ndi msana."

"Mawuwo ngati a akazi anga," anatero a Tu. "Koma akazi anga ali kwa mng'ono wawo."

"Bambo a Dongmei, bwerani kuno!"

Katani inatukulidwa. Amuna anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona milomo yawo ikuwerenga singano.

"Mwabwerako nthawi yanji kwa mng'ono wanu?"

"Sindinapiteko."

"Munati mwapita."

"Ndinanama."

"Hoo." Anagwira khoma ngati nyumba yapendekeka. "Ndiye mpunga wamasana ndiphike wa anthu awiri."

"Awa ndi akazi anu?" anafunsa a Meng.

A Tu anawerama n'kundinong'oneza. "Ndinene? Munandiletsa."

"Nenani, mutu wouma inu!"

"Ndi akazi anga. Dzina ndiye ayi."

A Meng anayang'ana ine, anayang'ana tofu, anayang'ana zala zawo zitatu. Kenako anang'amba pepala la mizu yowawa lija n'kuliponya pansi pa tebulo.

"Ndinadziwa," anatero.

"Munati msana," anatero a Tu.

"Mtsempha womira, wofooka, lilime lotuwa. Ndinadziwa kalekale. Ndinkangodikira kuti anene okha."

"Koma mwalembera tofu."

"Tofu ali ndi matenda ake! Khalani chete ndilembe. Zilazi zouma, makoko a nachesi, muzu wolimbitsa kapamba, muziwiritsa ndi jinja. Zozizira ayi, zaziwisi ayi, mavwende ayi. Masiku asanu adzaona kusintha. Ukwati uli liti?"

"Masiku asanu ndi anayi."

"Adzavina."

Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Koma mpweyawo usanathe kutuluka, pakhomo panada. Mayi Hu anali ataima pamenepo ndi ketulo yawo ya mlomo wautali, kumbuyo kwawo kuli mitu isanu ndi umodzi ya osewera majongi.

"A Meng, pepani kulowerera," anatero ndi mawu otsekemera. "Ndi ndani akulengeza za chikazi kuno? Tamva mpaka kukhitchini. Ndati mwina ndi munthu wodziwika, tikamupatse tiyi wotentha."

Maso awo anali atafika kale pa katani. Anaponda sitepe imodzi, yachiwiri. Ine ndinabisa nkhope m'pilo n'kuyamba kutsanzikana ndi ukwati wa mwana wanga. Pofika madzulo nkhani ikanakhala itafika kwa asewere anga, ataithira kale tsabola. Pamenepo ndinamva nsapato zija. A Tu anaima kutsogolo kwa katani, anatambasula dzanja mopingasa ngati chitsulo chawo cha panjanji.

"Imani. Apa sipodutsa."

"Aa, a Tu! Muli kuno? Nanga wakuwa uja ndani?"

"Ndine."

M'zaka makumi awiri ndi zinayi ndinali ndisanamvepo munthuyu akunama. Bodzalo linatuluka movutikira ngati akumeza fupa la nsomba.

"Inu? Mawu aja anali a mzimayi."

"Ndikadwala amakwera."

"A Tu, musandiseketse. Mwamuna sadwala chikazi."

"Ine ndadwala."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi inayi. M'basi ndimaima."

"Nanga chikununkhachi?"

"Ndi cha m'thumba mwanga."

Osewera majongi anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi onse pamodzi. Mayi Hu okha sanasunthe.

"A Meng, inu simunama. Tauni yonse imadziwa. Zoona zimenezi?"

A Meng anavula magalasi. Anawapukuta nthawi yaitali, mbali zonse, mpaka timiyendo take. Kenako anakoka mpando, n'kumenya kapilo kopimira kawiri ndi chikhatho.

"Sindinena za mkono umene sindinaugwire. Bambo Tu, bweretsani."

"Uti?"

"Uliwonse, abale!"

Zala zitatu zinagona pamkono wa amuna anga. A Meng anatsinzina. Anakweza nsidze, anazitsitsa, anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anapempha mkono winawo. Anapempha lilime, a Tu n'kulitulutsa lonse pamaso pa msewu.

"Choyera," anatero a Meng pomaliza, ndi mawu a pamaliro. "Agogo anga sanachionepo, bambo anga sanachionepo. Bambo Tu, nali pepala lanu. Zilazi ndi jinja, mavwende musakhudze. Mayi Hu, mupatseni mpata wodwalayu, akufunika mpweya."

Mayi Hu sanadikire kuuzidwa kawiri. Anatuluka chothamanga mpaka ketulo inatayikira, osewera majongi ali pambuyo, aliyense akufuna kukhala woyamba kukaifikitsa kumsika. Katani sanaikumbukirenso. Ine kuseriko ndinkaseka, singano zonse zikuvina kumsana, ndikuluma pilo kuti ndisamveke.

A Meng anatseka chitseko n'kupuma. Potembenuka anapeza a Tu akadali pampando, mkono uli chigonere pa kapilo, nkhope yatuwa, pepala lili m'dzanja linalo.

"Adokotala," ananong'ona, "musandibisire. Ndichira ukwati usanafike?"